Katswiri ndani? Phunziro lochokera ku Dzaleka

(Kanyimbo kotsegulira pulogalamu)

 

Lero ndabwera ndi funso lalifupi. Kodi inuyo mumatha chiyani? Apa sindikufunsa sukulu imene munalekezera kapena ntchito imene munalembedwa. Ndikufunsa chinthu chimene mungaimirire nacho pagulu n'kudziguguda pachifuwa kuti, "Ichi chokha ndisiyireni, ndimachidziwa."

Funso limeneli mukaliponya pa bawo kapena pa chigayo, mayankho sasowa. Wina amati iye ndi katakwe pokonza njinga zamoto. Wina amati nthenda ya nkhuku amaidziwa ndi maso okha. Mayi wina amati thobwa lake palibe angafanane nalo m'mudzi monse. Kudzidalira kotere n'kwabwino, chifukwa munthu wodzikayikira sayamba kanthu. Koma tonsefe tinamangitsapo khoma limene linang'aluka mvula yoyamba, kapena kusoketsa malaya amene sitinawavalepo. Amene anagwira ntchitoyo nayenso ankati amatha. Ndiye wodziwa timusiyanitse bwanji ndi wongodziyesa wodziwa?

Nkhaniyi ndasankha kuti tiyikambire ku Dzaleka, chifukwa kumeneko funso limeneli ndi limene limagamula ngati banja ligone ndi njala kapena ayi.

Dzaleka ili m'boma la Dowa, mtunda wa makilomita opitirira pang'ono 40 kuchokera mumzinda wa Lilongwe, pamalo okwera pamene mphepo ya mwezi wa June imalowa mpaka m'mafupa. M'nthawi ya ulamuliro wa Dr Hastings Kamuzu Banda malowa anali ndende ya akaidi a ndale. Mu 1994, chaka chimene anthu anaphedwa mwaunyinji ku Rwanda, boma la Malawi mogwirizana ndi bungwe la UNHCR linasandutsa malowa kukhala kampu ya anthu othawa kwawo. Anakonza kuti muzikhala anthu pakati pa 10,000 ndi 12,000. Lero muli anthu oposa 50,000. Ambiri ndi a ku Democratic Republic of Congo, ena a ku Burundi ndi ku Rwanda, ndipo ochepa ndi a ku Somalia ndi ku Ethiopia.

Akuluakulu a mu kampuyi asanathawe anali ndi ntchito zawo. Ena ankaphunzitsa ana ku Uvira, ena anali anamwino ku Bukavu, ena amakaniko ku Bujumbura, ena asodzi a pa nyanja ya Tanganyika, ena alimi a khofi ndi nthochi m'mapiri. Koma munthu amene akuthawa mfuti usiku amabereka mwana, sayamba wafunafuna satifiketi m'sutikesi. Akafika kuno amapezeka pamalo pamene palibe amene anamuonapo akugwira ntchito, palibe mfumu ya kwawo yomuchitira umboni, ndipo sukulu imene anaphunzirako mwina inatenthedwa. Chimene watsala nacho ndi mutu wake ndi manja ake basi.

Pamene munthu wanena kuti ndi katswiri, pali mboni zitatu zimene timazifunsa. Yoyamba ndi pakamwa pake, yachiwiri ndi pepala, yachitatu ndi ntchito ya manja ake. Tiyeni tizimve imodziimodzi.

Pakamwa ndi mboni imene imafulumira kuyankhula, koma imaphonya kawirikawiri, ndipo si nthawi zonse pamene imaphonya chifukwa cha bodza. Mu 1999 akatswiri awiri a maphunziro a kaganizidwe ka munthu, David Dunning ndi Justin Kruger a pa yunivesite ya Cornell ku America, anapatsa ophunzira mayeso osiyanasiyana, kenako n'kuwafunsa kuti aliyense anene m'mene akuganizira kuti wakhozera poyerekeza ndi anzake. Amene anali kumunsi kwenikweni ankadziyesa kuti aposa anzawo ambiri. Amene anakhoza koposa ndiwo ankadzichepetsa. Chifukwa chake n'chomveka. Kuti uone pamene walakwitsa, pamafunika nzeru zomwezo zimene zikanakuthandiza kuti usalakwitse. Mnyamata amene wangotsegulapo mafoni awiri sadziwa n'komwe kuti pali matenda a foni amene sanakumanepo nawo, choncho amalandira foni iliyonse mosaopa.

Mboni yomweyi imaphonyanso mbali inayo, ndipo apa mpamene pamandikhudza mtima. Mu Dzaleka muli achinyamata amene m'mawa amayankhula Chiswahili ndi anzawo, kunyumba Kirundi kapena Kinyarwanda, kutchalitchi Chifalansa, kusukulu Chingerezi, pamsika Chichewa. Amamasulirira agogo awo kuchipatala, amathetsa mkangano pakati pa wogulitsa makala ndi wogula amene sakumvana. Mukamufunsa wachinyamata wotereyu kuti amatha chiyani, amawerama n'kunena kuti, "Palibe, ine ndili pasukulu." Mulinso amayi amene kandalama kochepa ka thandizo la chakudya amakafikitsa kumapeto kwa mwezi, ana osagona ndi njala, ngakhale thandizolo lakhala likudulidwa chifukwa cha kuchepa kwa ndalama ku bungwe la WFP. Iwonso amati satha kanthu. M'midzi yathu ya ku Ntchisi muli agogo amene amadziwa kusankha mbewu ya chimanga cha makolo, kuisunga pa utsi kuti isafumbwe, ndi kudziwa mvula yobzalira ndi mvula yonama. Sadziwerengera m'gulu la akatswiri chifukwa sanavalepo yunifolomu.

Tikangomvera pakamwa pokha, ntchito tidzapatsa wolongolola, pamene wodziwa akhala chete kumbuyo.

(Kanyimbo kakafupi)

Mboni yachiwiri ndi pepala. Ndisanapitirire ndinene poyera kuti satifiketi si chinthu chonyozeka. Pepala limatiuza kuti munthu uyu anakhala pansi pa aphunzitsi, anayesedwa ndi anthu amene sanali abale ake, ndipo anakhoza. N'chifukwa chake tili ndi MANEB, tili ndi bungwe la NCHE loona za maphunziro a ukachenjede, tili ndi Medical Council of Malawi ndi khonsolo ya anamwino ndi azamba. Munthu amene akupita kukachitidwa opaleshoni alibe mpata woyesa dokotala wake, amadalira kuti alipo ena amene anamuyesa kale. Pa ntchito zimene kulakwitsa kwake kumatha ndi maliro, pepala ndi mpanda wotiteteza tonse.

Nkhani ya azamba a kumudzi ikutiphunzitsa zomwezo. Ambiri a iwo anachiritsa amayi kwa zaka zambiri, ndipo manja awo anali ndi luso losakanika. Koma mu 2007 boma linawaletsa kuchiritsa amayi m'midzi, chifukwa pali mavuto, monga kutaya magazi kwambiri kapena mwana kukhala mopingasa, amene chizolowezi chokha sichingawathetse. Kuchita chinthu kwa zaka zambiri kumanola munthu, koma pali zina zimene zimafuna maphunziro ndi zipangizo.

Vuto la pepala ndi lakuti limanena za dzulo. Limatiuza zimene munthu anakhoza chaka chimene analemba mayeso, osati zimene akutha lero. Lingathenso kugulidwa, ndipo nkhani za masatifiketi achinyengo ndi madokotala abodza tonse tinazimvapo pawailesi. Komanso pepala limafooka likangodutsa malire a dziko. Dipuloma ya ku Congo inalembedwa m'Chifalansa, maphunziro ake anasanjidwa mosiyana ndi athu, ndipo kuti itsimikiziridwe pamafunika kulembera kalata kusukulu imene ili m'dera la nkhondo. Zikatere namwino amene anagwira ntchito zaka zambiri m'chipinda cha amayi oyembekezera amapezeka akukazinga mandazi. Nzeru zake zili momwemo m'mutu, koma mboni yake yatsekedwa pakamwa.

Tsopano tifike pa mboni yachitatu, ntchito. Kuti muimve bwino, tiyeni tipite limodzi ku Dzaleka tsiku Lachiwiri, tsiku la msika waukulu umene eni ake amautchula kuti Mardi Marché. Alimi a m'midzi yozungulira afika ndi tomato, kabichi, mbatata, nkhuku ndi makala. Fungo la chapati lili ponseponse. Tilowe m'kanyumba ka zidina mmene muli telala ndi makina ake opalasa ndi phazi.

Mayi wabwera ndi chitenje cha maluwa akuluakulu, akufuna diresi ya pachinkhoswe, ndipo akuonetsa chithunzi cha pafoni. Telala wodziwa sathamangira sizasi. Amayala chitenjecho patebulo, n'kuona kumene maluwa alowera, kuti duwa lisadzaduke pakati pa chifuwa, ndi kuti mbali ziwirizo zidzakumane bwino pamsoko. Amafunsa ngati chitenjecho chinachapidwapo, podziwa kuti nsalu ina imafupika ikalowa m'madzi. Poyeza ndi tepi, maso ake aona kale kuti phewa limodzi la mayiwa ndi lotsika pang'ono, ndipo walemba ndi choko. M'kati mwa msoko amasiya kansalu kapadera, kuti mayiwa akadzanenepa diresiyo idzamasulidwe. Kenako amanena mawu amene wongoyamba kumene sangayerekeze kunena: "Mayi, sitayilo ya pachithunziyi imafuna nsalu yofewa. Chitenje chanuchi n'cholimba, sichigwa choncho. Ndikusokereni ina imene ikukhaleni." Pamenepo akhoza kutaya kasitomala, koma walolera kutaya ndalama ya lero kusiyana n'kutulutsa ntchito yomuchititsa manyazi.

Tituluke mu kampu, tilowe m'chigafa cha mlimi wa fodya wa bale kufupi ndi Mponela. Ndi m'mamawa, mame afewetsa fodya kuti asafumbutuke pogwira. Bambo wachikulire akutsitsa mikangala, ndipo tsamba lililonse akulidutsitsa m'zala kamodzi kokha n'kuliponya pa mulu wake. Amadziwa tsamba la kunsi kwa mtengo, la pakati ndi la kunsonga. Amasiyanitsa mtundu umene ine ndi inu tingati ndi umodzi. Akanunkhiza amadziwa kuti uyu wayamba nkhungu, asalowe m'belo. Bamboyu mwina sukulu analekezera Sitandade 4, koma mayeso ake amalemba chaka chilichonse ku okushoni ku Kanengo, kumene belo losakaniza limabwezedwa kapena kugulidwa pa mtengo wolira nawo.

Mwa anthu awiriwa tikuonamo zizindikiro za katswiri weniweni. Choyamba, amaona zimene ena sitiona, monga phewa lotsika ndi nkhungu imene isanaonekere. Chachiwiri, amadziwa polekezera nzeru zake, ndipo sachita manyazi kunena kuti, "Izi si zanga, pitani kwa uje." Makolo anati safunsa anadya phula, ndipo katswiri ndi amene amafunsabe ngakhale tsitsi litachita imvi. Chachitatu, ntchito yake imapirira. Khoma lake limaona mvula zambiri lili chiimire, ndipo anthu amabwereranso kwa iye popanda chikwangwani chowaitana. Chachinayi, amatha kufotokoza chifukwa chimene wachitira chinthu mwanjira iyi osati inayo, kotero kuti mwana amene akumuthandiza amatolapo kanthu. Zinayi zonsezi zikukumana pa mfundo imodzi, imene ndi mtima wa nkhani yathu lero: luso lenileni siliopa kuyesedwa. Wongodzitama amakwiya mukamufunsa umboni. Wodziwa amangoti, "Bweretsani, muone."

(Kanyimbo kakafupi)

Omvera athu, ku Dzaleka kwadutsa anthu amene dziko lonse likuwadziwa chifukwa anapeza mpata woti ayesedwe, kapena anadzipangira okha mpatawo.

Pali Remy Gakwaya wa ku Burundi, amene anayambitsa TakenoLAB, malo ophunzitsira achinyamata kupanga mapulogalamu a pakompyuta. Poyamba analibe makompyuta okwanira, moti ophunzira ake ankazolowetsa zala pa chithunzi cha kiyibodi chosindikizidwa papepala. Ntchito ya mtundu umenewu ili ndi ubwino umodzi, pulogalamu imagwira kapena siigwira, ndipo kompyuta siifunsa kuti unabadwira kuti. Mu 2017 kampani ya Microsoft mogwirizana ndi UNHCR inatsegula malo otchedwa AppFactory mu kampu momwemo.

Pali Trésor Nzengu Mpauni, amene ambiri timamudziwa ndi dzina lakuti Menes la Plume, mlakatuli wochokera ku Lubumbashi. Mu 2014 anayambitsa chikondwerero cha Tumaini, chimene chimachitikira m'kati mwa kampu ndipo anthu amalowa ulere. Oimba, ovina, alakatuli ndi oimba ng'oma za ku Burundi amakwera pa nsanja imodzi ndi oimba otchuka a m'dziko muno, pamaso pa anthu zikwizikwi ochokera ku Lilongwe ndi kunja. Alendo ena amagona m'nyumba za mabanja a mu kampu. Pa nsanja yotere palibe amene amaomberedwa m'manja chifukwa chomumvera chisoni. Ng'oma ikaphonya, khamu limamva.

Pali Dr Mireille Twayigira, amene anathawa ku Rwanda ali kamwana, nayenda m'maiko angapo asanafike ku Dzaleka. Anaphunzira pa sukulu ya mu kampu yoyendetsedwa ndi bungwe la Jesuit Refugee Service, ndipo pa mayeso a MSCE anali mmodzi mwa atsikana amene anakhoza koposa m'dziko lonse. Anapeza mwayi wokaphunzira udokotala ku China, anamaliza mu 2016, n'kubwerera kudzathandiza odwala kuno ku Malawi. Pepala la mayeso a MANEB silinafunse kuti mwanayu amagona m'nyumba yotani. Linamufunsa masamu ndi sayansi, iye n'kuyankha.

Palinso Innocent Magambi, amene anakhala moyo wothawa kwawo kwa zaka 27, ndipo mu 2006 anayambitsa bungwe la There Is Hope. Bungweli limaphunzitsa ntchito zamanja monga ukalipentala, kumanga, kuwotcherera ndi kusoka, ndipo m'kalasi imodzi mumakhala achinyamata a mu kampu pamodzi ndi ana a m'midzi ya ku Dowa.

Mayina anayiwa ndi a anthu amene chitseko chinawatsegukira. Kumbuyo kwawo kuli anthu ambirimbiri amene sanayesedwepo n'kamodzi komwe, ndipo chifukwa chachikulu chili m'malamulo athu. Dziko la Malawi linavomereza pangano la United Nations la 1951 lokhudza anthu othawa kwawo, koma linakana kumangidwa ndi mfundo zina, kuphatikizapo za ufulu wolembedwa ntchito ndi wosankha kokhala. Lamulo lathu la anthu othawa kwawo ndi la 1989, nthawi imene dziko lino linkasunga abale athu a ku Mozambique amene anafika poposa miliyoni imodzi. Masiku amenewo tinkayembekezera kuti nkhondo ikatha alendo abwerera kwawo, ndipo anabwereradi. Koma ku Dzaleka kuli anthu amene anabadwira momwemo, anakulira momwemo, ndipo lero akulera ana awo momwemo. Mu 2023 boma linalamula kuti onse amene ankakhala kunja kwa kampu abwerere, ndipo mwezi wa May chaka chimenecho apolisi ndi asilikali anayamba kusonkhanitsa anthu m'matauni. Mashopu anatsekedwa, ambiri anadutsira ku ndende ya Maula asanabwezedwe ku kampu imene inali yodzaza kale.

Luso lili ngati khasu, likakhala pakhonde osalimira limachita dzimbiri. Namwino amene watha zaka khumi osagwira jakisoni, dzanja lake silikhalanso m'mene linalili, ndipo mankhwala amene anawaphunzira asintha. Mphunzitsi wa masamu amene sakuima pa bolodi amayamba kuiwala. Amene akutaya apa si mwiniwake yekha. Akutayanso ndi mwana wa m'mudzi wa ku Ntchisi amene akuphunzira m'kalasi yodzaza ndi mphunzitsi mmodzi.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu mukuti, "Nanga ana athu? Tili ndi achinyamata a madigiri amene ali pa ulova, anamwino ndi aphunzitsi amene anamaliza maphunziro koma sanalembedwe ntchito. Tiyambe ndi alendo?" Dandaulo limeneli ndi loona, ndipo kholo limene linagulitsa mbuzi kuti mwana aphunzire lili ndi ufulu wolifunsa. Koma taganizirani izi. Telala wa ku Congo amene waloledwa kutsegula shopu ku Mponela amafuna womuthandiza, ndipo womuthandizayo adzakhala mwana wa ku Mponela, amene pakatha zaka zingapo adzatsegula yake. Munthu waluso amagula nsalu, amalipira lendi, amadula msonkho wa pamsika. Makolo athu sanalakwe pamene anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa.

Tikumbukirenso kuti ifenso ndife alendo kwina. Azigogo athu anapita ku migodi ya ku Joni ndi ku Zimbabwe, ndipo ambiri anabwerako ndi makina osokera ndi luso la ntchito zimene kuno kunalibe. Lero ku Johannesburg ndi ku Cape Town kuli Amalawi amene kuno anali aphunzitsi kapena amakaniko, koma kumeneko akutchetcha kapinga ndi kutsuka mbale, chifukwa palibe amene akufuna kudziwa zimene amatha. Tikamva zimenezi mtima umatipweteka. Ululu womwewo ndi umene ali nawo bambo wa ku Burundi amene wakhala pa mzere wa madzi ku Dzaleka.

(Kanyimbo kakafupi)

Nanga tichite chiyani? Sindikupempha kuti aliyense wonena kuti ndi dokotala apatsidwe odwala. Zimenezo zingakhale kuseweretsa miyoyo ya anthu. Chimene ndikupempha ndi mayeso. Njira zake zilipo kale m'dziko muno. Tili ndi Trade Test ya unduna wa za ntchito, imene mmisiri amayesedwa poonetsa ntchito ya manja ake. Bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa mu 1999, lili ndi ndondomeko yoyesa anthu amene anaphunzirira ntchito pa ntchito pomwepo, n'kuwapatsa satifiketi. Njira zimenezi zifike kwa onse, mu kampu ndi m'midzi momwe. Dakaboyi wa ku Madisi amene wakhala akukanda matope kwa zaka zambiri, ndipo lero amayala njerwa mowongoka kuposa bwana wake, nayenso akufunika tsiku loti aime pamaso pa oyesa ndi chingwe ndi levulo yake.

Kwa amene mapepala awo anatsala ku nkhondo, anzathu a ku Zambia anationetsa poyambira. Mu 2019, ku kampu ya Meheba, bungwe la UNESCO linayesa ndondomeko imene akatswiri a maphunziro amakhala pansi ndi munthu wothawa kwawo, kumufunsa mwakuya za maphunziro ake, kuona umboni uliwonse umene watsala, kenako n'kumupatsa chikalata chofotokoza zimene anaphunzira. Chikalatacho pachokha si chilolezo chogwirira ntchito, koma chimamuthandiza kupitiriza maphunziro kapena kukaonekera ku bungwe loyesa. Ifenso tingathe kutero. Namwino wochokera ku Bukavu alembe mayeso omwewo amene amalemba mwana wathu, agwire ntchito moyang'aniridwa kwa nthawi yoikika, ndipo akalephera abwerere m'kalasi. Akakhoza, lamulo limulole kuthandiza odwala. Apa ndikupempha aphungu athu a ku Nyumba ya Malamulo, kuyambira a ku Dowa konkuno amene akuidziwa bwino kampuyi, kuti lamulo la 1989 liunikidwenso ndi maso a lero.

Kwa inu achimwene ndi achemwali a mu Dzaleka amene mukutimvera, mwina kudzera pa wailesi yanu ya Yetu kapena pafoni, mawu anga ndi awa. Luso lanu musalisiye kuti ligone. Ngati munali mphunzitsi, sonkhanitsani ana a oyandikana nawo madzulo. Ngati ndinu mmisiri, jambulani ntchito iliyonse imene mwamaliza, sungani mayina a amene munawagwirira ntchito. Mpata wa maphunziro ukapezeka ku Jesuit Worldwide Learning, ku There Is Hope kapena kwina, musaunyoze poganiza kuti munaphunzira kale. Tsiku la mayeso likadzafika, lidzakupezeni manja ali otentha.

Kwa inu amayi ndi abambo a m'midzi ndi m'matauni, mukafuna mmisiri musafunse kuti ndi wa mtundu wanji kapena amapemphera kuti. Mufunseni kuti akuonetseni nyumba imene anamanga zaka zisanu zapitazo, mukaione ndi maso anu, mucheze ndi mwini wake. Mmisiri akakuuzani kuti ntchito iyi sangaithe, musamunyoze. Mulembeni dzina, chifukwa mwapeza munthu woona mtima, ndipo tsiku limene adzati "ndingathe" mudzadziwa kuti angathedi.

Kwa inu achinyamata, amene masiku ano mumaonera kanema wa mphindi zochepa pa YouTube n'kudzimva kuti mwaidziwa ntchito, kuonera n'koyambira chabe. Pezani munthu amene amakuposani, mukhale pambali pake, mulole kuti akudzudzuleni, akuphwasulitseni msoko wokhota kuti musokenso. Zimawawa, koma palibe katswiri amene anadumpha pamenepo.

Ndipo tonsefe tisinthe m'mene timalandirira munthu wonena kuti amatha. Tisamuseke chifukwa alibe pepala kapena chifukwa Chichewa chake n'chopotoka. Tisamukhulupirirenso msanga chifukwa wavala tayi ndipo akuyankhula mokoma. Timupatse nsalu, timupatse njerwa, timupatse pepala la mayeso, kenako tione. Dziko limene limayesa anthu ake mwachilungamo, eni nthaka ndi alendo omwe, silisowa amisiri, ndipo silipusitsidwa ndi akamberembere.

  

(Kanyimbo kotsekera pulogalamu)